Dzanja Linakana Mchere

Ndinadzuka tambala asanalire. Kunena kuti ndinadzuka n'kungolemekeza tulo, chifukwa usiku umenewo ndinangotsinzina pang'ono basi. Ndinali chotsamira khoma pabalaza pa achemwali anga, miyendo itachita dzanzi, mutu wa mayi wina amene sindinkamudziwa uli pantchafu panga. Mipando yonse anali ataitulutsa dzulo lake. Pakati pa nyumba panali bokosi, ndipo m'bokosimo munali achemwali.

Amayi a kutchalitchi anali ataimba usiku wonse. Pofika nthawi imeneyo mawu anali atawathera, nyimbo inangotsala ya m'mphuno, ikuyenda pang'onopang'ono kuchoka ngodya ina kupita ngodya ina. Ankaimba m'Chitonga ndi m'Chitumbuka. Mawu ake sindinkawamva onse, koma maimbidwe ake anali omwe aja a kwathu ku Ntcheu, moti nthawi zina ndinkadziona ndili mwana, ndakhala pakhonde, achemwali akundiluka tsitsi n'kumandigogoda ndi chipeso ndikagwedeza mutu. Kenako wina ankatsokomola, ine n'kubwerera ku Nkhata Bay.

Chimene chinandidzutsa kwenikweni ndi moto wa m'thupi. Amayi amsinkhu wanga akuudziwa. Umayambira pachifuwa, n'kukwera khosi, n'kufika kumaso ngati wasuzumira mu uvuni wa masikono. Ndinanyamula mutu wa mayi uja mosamala, ndinauika pachitenje chopinda, ndipo ndinalumpha miyendo ya anthu mpaka ndinapeza khomo.

Nyumba ya achemwali ili pamtunda, kumtunda kwa msika. Kuno kulibe malo athyathyathya, aliyense amakhala pamutu pa mnzake. Amuna anali atazungulira moto pafupi ndi tenti, ena akuwodzera atakumbatira mawondo. Kumunsi, kumene masana kumakhala madzi, kunali nyali za asodzi zitandandalika kutali. Ine wa kumapiri, mpaka lero ndimaziona ngati mudzi wina umene anthu amamanga usiku n'kuuphwasula m'mawa. Ndinaima kanthawi ndikuganiza kuti mwina achemwali afika kale m'mudzi umenewo, ayatsa nyali yawo, ndipo ayamba kuuza eni mudzi kuti pabwalo sanasese bwino.

Achemwali anabwera kuno ali mtsikana, boma litawatumiza kudzagwira ntchito ya ukalaliki. Ankati sachedwako, dziko lotentha chonchi silokhalamo munthu. Kenako anakumana ndi alamu, mphunzitsi wa Chitonga wovala tayi ngakhale popita kogula usipa, basi kunali kukhala komweko. Anaphunzira kudya kondowole, nsima ya chinangwa ija imene ine imandikakamira pakhosi. Anaphunzira kunenerera mitengo pamsika m'Chitonga mpaka ogulitsa ankawathawa. Koma chinthu chimodzi sanachisiye, chimene amayi athu anatiphunzitsa tonse awiri titatha msinkhu: mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Amaphika zonse, koma pamcherepo amaitana wina. Akathira yekha, amati odyawo adulidwa, ayamba kutupa ndi kutsokomola. Achemwali anali ophunzira, mwambowu ankauseka okha. Koma dzanja lawo silinkaseka nawo.

Atapitirira zaka makumi asanu anasiya kupita kumwezi. Anandiimbira foni akuseka kuti tsopano asanduka mwamuna. Patapita nthawi ndithu, magazi anabweranso. Iwo anati ndi msambo ukutsanzika. Anayambanso kuitana mwana wawo wamkazi, Lisungu, amene panthawiyo anali atangoyamba uphunzitsi, kuti adzathire mchere. Poyamba kunali mwa apo ndi apo, kenako sabata iliyonse, kenako tsiku ndi tsiku. Nyumba yonse inkamva kuitana kuja. Alamu ankamva ali pakhonde akuchonga makope. Alongo awo a alamu ankamva akabwera kudzacheza. Aliyense ankadziwa tanthauzo lake, ndipo palibe amene anafunsa. Mwana angafunse bwanji amayi ake za kumwezi? Bambo wolemekezeka ayambira pati? Ine ndinali kutali, ndipo pafoni tinkakamba za feteleza. Unali ulemu wokhawokha. Mmene achemwali ankakomoka pamsika tomato ali m'manja, khansa ya chiberekero inali itayala kale mphasa m'thupi mwawo.

Ndinachoka pamene ndinaima paja n'kupita kuchimbudzi kuseri kwa nyumba. Ndinapeza zimene ndinkadziwa kuti ndipeza.

Inenso ndinali nditasiya, chaka chitatha ndi miyezi pamwamba. Amayi a m'dera lino ankadziwa, chifukwa nthawi imene ndinabwera kudzadwazika achemwali ankandiona ndikudzikupiza ndi chivundikiro cha poto, n'kumandiseka kuti ndalowa m'gulu la agogo. Kenako ndinabwerera kwathu kukabzala, ndipo ndili komweko zinabwera. Poyamba kadontho chabe. Sindinauze munthu, ngakhale bambo a kunyumba. Ndinali nditaona ndi maso anga kumene msewu umenewu umakathera, ndipo ndinkachita mantha. Ndinkaganiza kuti ndikapanda kuchitchula, chinthucho chiona kuti palibe akuchilabadira, chichoka chokha. Komanso banja limodzi lingadwazike bwanji anthu awiri? Ndinkati tithane kaye ndi za achemwali.

Sikuti sindinkadziwa ayi. Achemwali ankayang'aniridwa ndi adokotala ena, mayi wamfupi wa kumpoto konkuno, woyankhula motsitsa. Matenda atafika poti sangachizike, ankabwera kunyumba kuno akaweruka, kuvula nsapato pakhomo, kukhala pamkeka ngati mlendo wamba. Sankayamba ndi mankhwala. Ankafunsa kaye kuti, "Amama, pa zonsezi, chikukusowetsani mtendere kwambiri n'chiyani?" Tonse tinkayesa achemwali anena za ululu. Iwo anati safuna kukafera kuchipatala chakutali pakati pa anthu osawadziwa, ndipo safuna mtembo wawo udzakwezedwe galimoto kupita ku Ntcheu. Adzagone konkuno kumene anakalambira. Adokotala anatisonkhanitsa tonse, ndi amalume athu omwe, amene anabwera kudzazonda matenda, n'kuwasiya achemwali anene ndi pakamwa pawo. Amalume anang'ung'udza, koma anamva. Tsiku lomwelo, amuna atatuluka, adokotala anatembenukira ife amayi n'kutiuza kuti magazi obwera munthu atasiya kale si msambo, ndipo nthawi zambiri chimakhala chinthu chochizika, bola kufulumira. Mwa onse amene tinali pamenepo, amene anagwedeza mutu kwambiri kuvomereza ndinali ine.

Kunja kutayamba kuyera ndinatsikira kumene ankaphikira, pansi pa nthochi. Namfedwa sayenera kupezeka kumoto, ayenera kukhala pafupi ndi bokosi, koma m'nyumba muja munali motentha ndipo ine ndinkafuna mphepo. Mafuwa anali atawayala mzere. Miphika ikuluikulu yobwereka kusukulu inali pamoto, nyemba zikuwira kuyambira usiku, atsikana akuduladula kabichi m'mabeseni. Nkhuni zinali zonyowa. Utsi sunkakwera, unkangoyenda chokwawa pakati pa nthochi, moti anthu ankaoneka kuyambira m'chiuno kupita kumwamba, ngati akuwoloka mtsinje.

Woyang'anira kumeneko anali alongo awo a alamu, mayi wogulitsa nsomba, wa mawu oti akanong'oneza amamveka kudoko. Anali atanyamula mbale ya mchere akuzungulira nayo. Pamaliro mchere sapatsa aliyense. Amafuna mayi wamkulu amene anasiya zonse, kuti anthu adye mosakayika. Agogo onse anali m'nyumba akuimba, ndipo atsikana aja aliyense ankayang'ana kumbali. Atandiona anasangalala.

"Ehe, a ku Ntcheu! Chiuta wakutumani. Imwe mwakula kale, tithirireni."

Ndinalandira mbale ija. Munthu ukapatsidwa chinthu umalandira, kuganiza kumabwera pambuyo. Ndinaima pamphika wa nyemba, nthunzi ikundimenya kumaso. Mutu wanga unkati thira, palibe chichitike, ndiwe mayi wa mpingo, izi ndi zakale. Koma maso anga ankaona anthu amene adzadye nyemba zimenezo. Ndinkaona amayi oyembekezera, ana oyamba kumene kudya, alamu amene chifuwa chimawavuta kale, khamu lonse lobwera kudzalira achemwali. Phokoso la pamoto linapita kutali. Ndinkamva madzi akudontha kuchoka patsamba la nthochi kugwera pa lina. Ndinkamva amayi athu, amene anamwalira kalekale, akutsokomola kumbuyo kwanga monga ankachitira tikafuna kulakwitsa. Zala zinatapa mchere, dzanja linanyamuka, n'kuima m'malere. Linakana.

Ndinati ndine namfedwa, manja akunjenjemera, ndiwawitsa ndiwo za anthu. Mayi aja anati pepani, pepani ukongwa, ndiko kuti pepani kwambiri, sanaganize bwino. Ine ndinatambasula mkono kumbali, osayang'ana, kuti aliyense amene ali pafupi alandire mbaleyo. Sindinadziwe kuti umu ndi mmene achemwali ankachitira. Mbale inachoka m'manja mwanga mofewa, ngati yalandiridwa ndi munthu wozolowera. Nditacheuka ndinapeza ndi Lisungu. Anali atabwera kudzatunga madzi ofunda oti bambo ake asukusule.

Anathira mumphika woyamba, wachiwiri, mpaka womaliza, osayeza, osalawa. Anagogoda mbale pafuwa kuti wotsalira agwe. Sanandiyang'ane kumaso. Anayang'ana mapazi anga kanthawi, kenako ananyamula ndowa yake n'kukwera kunyumba.

Dzuwa silinatuluke bwinobwino tsiku limenelo. Kumwamba kunangoyera ngati ufa, ndipo chifunga chinakwera kuchokera kunyanja n'kumeza msika ndi madenga a kumunsi. Sitima inalira kudoko, mawu ake anatifika ochedwa, onyowa. Anthu anayamba kutulukira m'chifungamo. Ankaoneka mitu kaye, kenako mapewa, kenako munthu yense akupuma wefuwefu chifukwa cha chitunda. Anabwera anzawo a achemwali a kuofesi, ena ochokera kuchigawo chapakati ndi kummwera, amene anatumizidwa kuno ngati achemwali ndipo nawonso anaiwala kubwerera. Anabwera amayi a pamsika atatseka mabenchi awo. Anabwera asodzi mathalauza akali onyowa, anatula beseni la usipa kumoto, anakhala pansi pang'ono, n'kugona pomwepo. A ku Chintheche anabwera pa lole. A kwathu anali atafika usiku pa minibasi yahayala, amalume atavala jekete la ku Tsangano, thukuta lili kamukamu koma osalivula.

Gulu lililonse la amayi linkayenda likucheza mpaka pampopi wa pakona. Likafika pamenepo kulira kunkayamba, ndipo ife a m'nyumba tinkalandira. Ndinalira mpaka misozi inauma, pakhosi pokha n'kumagwira ntchito. Anthu ankagwada, kundigwira dzanja, kunena mawu m'zinenero zitatu, n'kudutsa. Nkhope zawo zinkasakanikirana. Kangapo konse ndinaona achemwali ataima pakhomo ndi ambulera yawo yamaluwa, akuyang'ana ngati anthu avula nsapato. Ndikaphethira ankasanduka munthu wina.

Mvula inayamba chakum'mawa komweko, yowaza, yosafulumira. Ya kuno siidziwa kuti inzake kwina inaleka kale. Anatsegula bokosi kuti tione nkhope. Anali atawaveka bulauzi yoyera ya mpingo ndi duku lake. Nkhope inali itachepa, makwinya onse a ululu atafafanizika. Sanafanane ndi achemwali amene ndinawadwazika. Anafanana ndi amayi athu, ndipo ndinadzipeza ndikukonza duku langa kuti asandidzudzule.

Mwambo unachitikira pabwalo. Alamu anakhala kutsogolo, tayi yakuda itamangidwa bwino, manja ali pamawondo ngati mwana wasukulu woyembekeza chilango. Anthu anayankhula, wa kuofesi, wa kumpingo, wa kuchimuna. Woyankhula m'malo mwa banja lathu anafotokoza mbiri yonse, kubadwa, sukulu, ukwati, ndipo atafika pa imfa anati malemu avutika ndi matenda a m'mimba. Anthu anagwedeza mitu. Ine mtima unandiwawa. Matenda a m'mimba! Ngati anadya mango osapsa. Pabwalopo panali amayi osawerengeka amsinkhu wathu, atakhala pamatope miyendo atawongola, aliyense ndi zake pansi pa chitenje, ndipo tinawauza kuti ndi m'mimba. Ndinafuna kuimirira. Kenako ndinakumbukira chimene ineyo ndinali nditakhalira, ndipo ndinaweramitsa mutu.

Adokotala ndinawaona mwambo uli m'kati. Anali atavala chitenje ndi duku, atakhala pansi pakati pa amayi. Wina atawazindikira anathamanga ndi mpando, iwo anakana. Abusa akukonzekera kulalikira, adokotalawo anayenda chowerama kufika kumene tinakhala abanja. Anagwada pafupi ndi alamu, ndipo ndinamva akuwafunsa ngati amwa mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi m'mawawo. Anamugwira Lisungu paphewa n'kumuuza kuti adyeko kanthu asanakwere phiri. Kenako anadzakhala pambali panga, phewa lawo likukhudza langa.

"Nanga inu amama, thupi likuti bwanji?"

Ndinati ndili bwino, kutopa chabe.

Munthu wina akanati pepani n'kupita. Iwo ayi. Anali ndi kakhalidwe kena kamene ndinakaona kambirimbiri pamkeka wa achemwali: akafunsa funso, ankangokhala chete, osakuyang'anitsitsa, ngati munthu wodikira basi amene sakufulumira. Ukanena bodza lako, iwo ankalisiya pomwepo kuti ulione wekha. Tinakhala choncho mvula ikuwaza pa tenti. Mawu anakwera kuchoka m'mimba mwanga kufika pakhosi. Ndinatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo nyimbo inayambika, anthu anaimirira, ndipo ine ndinameza.

Adokotala anandigwira mkono kundithandiza kudzuka. "Kumene ndimapezeka mukukudziwa," anatero. "Sikuti mpaka mugone pamphasa ayi."

Kumanda kulibe msewu wa galimoto. Bokosi linanyamulidwa pamapewa. Amuna ankalandirana likuyenda, wina kulowa, wina kutuluka, osaima, moti ukaliona uli kumbuyo linkakhala ngati likuyandama lokha pamwamba pa mitu ya anthu. Amayi a mabulauzi oyera anatsogola ndi nyimbo. Njira inakwera pakati pa minda ya chinangwa, dothi lofiira likumata kumapazi mpaka nsapato iliyonse kulemera ngati njerwa. Ambiri anavula n'kuzinyamula m'manja. Maambulera akuda, ofiira, amizeremizere ankakwera phiri pang'onopang'ono. Nditacheuka, nyanja inali itaonekera pakati pa mitengo, yoyera, yopanda malire ndi thambo. Bwato limodzi linali pamenepo, ndipo sindikanatha kunena ngati linali pamadzi kapena m'mwamba.

Ndinkayenda ngati ndili m'tulo. Nyimbo ya kutsogolo ndi ya kumbuyo zinasiyana mizere, ina ikutha ina ikuyamba, ine ndili pakati. Ndinkaganiza za ulendo wina wakale, tikuchokera kuchigayo, achemwali atanyamula thumba lawo ndi langa lomwe chifukwa ndinkalira khosi. Anandinyamulira mpaka pafupi ndi mudzi, kenako anandisenzetsa kuti amayi aone ngati ndafika nalo ndekha. Chitunda chitafika povuta ndinamva m'thupi kuti zayamba kutuluka kwambiri. Ndinapatuka pang'ono, ndinamasula chitenje cha pamapewa n'kuchimanga m'chiuno pamwamba pa chinzake.  Ndinayang'ana bokosi likugwedera kutsogolo, ndipo mawu aja timanena tikuseka, akuti chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe, anandibwerera opanda nthabwala.

Manda ali pansi pa mitengo ikuluikulu. M'dzenje munali mutalowa madzi, ndipo bambo wina ankawakapa ndi chitini cha penti ife tikuimba. Anatsitsa bokosi ndi zingwe. Dothi loyamba linamveka kwambiri, lotsatira linayamba kuchepa mawu, mpaka kunangotsala phokoso la makasu. Amuna ankalandirana makasuwo mofulumira. Mtumbira utakwera anayamba kuitana oyala nkhata, alamu poyamba, kenako ana, kenako abale a malemu.

Ndinapita, ndinagwada pamatope, ndinaika maluwa anga. Ndinafuna kuwauza chinachake achemwali koma mawu onse anali a m'khitchini: kuti nkhuku yawo yofungatira ija yaswa, kuti poto wamkulu wabwerekedwa. Kenako ndinazindikira kuti ndiyenera kuimirira khamu lonse lili kumbuyo kwanga, ndipo sindinkadziwa kuti chitenje chili bwanji. Ndinakhala chogwada. Anthu ankayesa ndi chisoni, ena anayamba kulira nane. Ndili choncho ndinamva munthu ataima kumbuyo kwanga, pafupi kwambiri, maondo ake akukhudza msana wanga. Anali Lisungu. Anali atayala kale nkhata yake, analibe chifukwa chobwereranso. Anamasula chitenje chake n'kuchitambasula ndi manja awiri ngati akuchimanga bwino, ndipo anachedwa nacho mpaka ine nditadzuka. Tinabwerera kumalo athu iye ali pambuyo panga, osasiya mpata.

Potsika anthu anayamba kucheza. Zimatero nthawi zonse, ndipo sindiwaimba mlandu. Wina ankafunsa mtengo wa malata, wina anaterereka n'kukhala pansi, anzake anaseka chobisa. Pakhomo panali mabeseni a madzi, aliyense anasamba m'manja ndi kumapazi. Chakudya chinatuluka, kondowole kwa eni dziko, ya chimanga kwa ife alendo. Ndinamva bambo wina akuyamikira nyemba. Ine ndinapita kubafa, ndinachapa zimene ndinayenera kuchapa, ndinazibisa pansi pa zovala zina pachingwe.

Mvula inaleka anthu akubalalika. A pa lole anakwera, asodzi anadzuka n'kutsetsereka kukakonza maukonde. Adokotala ndinawaonera patali akutsika, nsapato zili m'manja. Tenti inagwetsedwa, mabenchi anabwerera kutchalitchi pamitu ya anthu, miphika inakwechedwa ndi mchenga n'kuvundikiridwa pansi pa nthochi. Amalume analengeza kuti minibasi inyamuka mbandakucha, aliyense wa ku Ntcheu agone atalongedza. Ine ndinali woyamba kulongedza. Ndinkafuna kuchoka m'dziko limeneli, kumene anthu anayamba kundiona kwambiri. Chikwama ndinachiika pafupi ndi khomo.

Kutayamba kuda nyumba inakhala chete mwa mtundu wina. Anthu analimo, koma onse anali atatheratu. Amayi otsala anagona pabalaza mizeremizere, osafunda. Alamu anagona chokhala pampando wa pakhonde, tayi ikali pakhosi. Pakati pa balaza, pamene panali bokosi, palibe amene anayalapo mkeka, aliyense ankapazungulira. Kwa nthawi yoyamba chiyambire matenda ndinamva wotchi ya pakhoma ikugunda. Fungo la maluwa ndi la utsi linali likadali m'makatani.

Ndinakakhala m'khitchini mwa achemwali, pakampando kawo kafupi. Zikho, zipande, sefa, zonse zinali pamisomali yake. Lisungu analowa ndi nyali, anaiika pansi, anatseka chitseko. Sanakhale pampando. Anakhala pansi patsogolo panga, miyendo atawongola, manja ali pamiyendo, monga mwana amakhalira akaitanidwa ndi akulu. 

"Amayi aang'ono," anatero, "mundikhululukire. Ndikufunsani chinthu chimene mwana safunsa."

Kenako anafunsa:

"Zayamba liti?"

Mkwiyo unandikwera. Mwana amene ndinamusintha matewera ndi manja angawa! Ndinafuna kumufunsa ngati ndine mnzake wosewera naye, ngati kusukulu kwawoko amaphunzitsa ana kusuzumira m'zitenje za amayi awo. Mawu anali okonzeka, ndipo pakamwa panga pamadziwika ku Ntcheu konse. Iye anandiyang'ana kumaso. Maso ake anali otupa, koma sankalira.

"Amayi sindinawafunse," anatero. "Ndinkangothira. Inu ndikufunsani. Mukafuna kundikalipira, kalipani, koma mundiyankhe."

Panja chule anayamba kulira, wina anamuyankha kumunsi. Ndinayang'ana zipande za achemwali pakhoma. Ndinkachita manyazi, ndinkachita mantha, ndipo ndinali nditatopa kwambiri kunyamula chinthuchi ndekha.

"Chiyambire Khirisimasi," ndinatero.

Aka kanali koyamba kuzimva m'mawu anga. Denga silinagwe. Lisungu anatseka maso, anapuma mozama, anagwedeza mutu kamodzi. Anadzuka n'kutuluka. Ndinamumva akulumpha miyendo ya ogona pabalaza. Anadutsa pakhomo la khitchini atanyamula chikwama changa, anakalowa nacho kuchipinda cha amayi ake, ndipo ndinamva akuchikankhira kunsi kwa bedi. Atabwerako anaima pakhomo.

"Adokotala amayamba kuona anthu m'mawa. Tipitira limodzi."

Sanadikire kuti ndivomere. Anatenga ketulo, anathiramo madzi, anagwada kukoleza mbaula.

Patapita kanthawi amalume anagogoda pawindo ndi ndodo yawo, akuyankhula motsitsa kuopa kudzutsa anthu. Anafunsa ngati ndalongedza, chifukwa dalaivala sadikira munthu.

Ndinayang'ana msana wa Lisungu. Anali atasiya kukupiza moto, akumvetsera.

"Tsogolani, amalume," ndinatero. "Ine ndatsala."

Ndodo inagogoda pansi kawiri, kenako mapazi awo anapita. Lisungu anayambanso kukupiza, ndipo tinakhala awiri m'nyumba yachete ija kudikira kuti madzi awire.